Malabotale athu akudziwa njira ya ku Liverpool, ya ku Lusaka sakuidziwa

Pa 19 Novembala 2021 mwana wina wamng'ono wa m'boma la Lilongwe anafooka ziwalo mwadzidzidzi. Azaumoyo anatenga chimbudzi chake pa 26 ndi pa 27 mwezi womwewo kuti chikayezedwe, monga momwe ntchito yawo imafunira mwana aliyense akapuwala motero. Chimbudzicho chinafika ku labotale ya NICD ku Johannesburg pa 14 Januwale 2022. Kumeneko anachiyeza, n'kuchitumizanso ku CDC, bungwe la boma la America loona za matenda, kuti akatsimikize, ndipo pa 17 Febuluwale boma linalengeza kuti m'dziko muno mwapezeka poliyo wa mtundu umene tinauona komaliza mu 1992. Akatswiri atawerenga chibadwa cha kachilomboko anapeza kuti ndi ka mbumba imodzi ndi kamene kankazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan.

Kuchokera tsiku limene mwanayo anadwala kufika tsiku limene dziko linadziwa, panapita miyezi itatu. Kachilombo sikakhala pansi kudikira zotsatira za ku labotale. Mu Meyi 2022 Mozambique inalengeza kuti mwana wina ku Tete wapuwala ndi poliyo yemweyo, ndipo chaka chisanathe ana asanu ndi atatu anali atapezeka naye m'chigawo chimenecho. Zitatero maiko asanu, Malawi, Mozambique, Zambia, Tanzania ndi Zimbabwe, anayamba kudontheza katemera m'kamwa mwa ana mamiliyoni ambirimbiri, khomo ndi khomo, mobwerezabwereza. Pa ntchito yopereka katemera tinagwirizana bwino ndithu, ndipo mliriwo unatha. Koma tinagwirizana moto utabuka kale. Pa ntchito yoyeza, yofufuza ndi yodziwa msanga, aliyense anali kwayekha.

Mfundo yanga ndi iyi. Masukulu athu a ukachenjede ndi malabotale athu ofufuza za matenda ali ndi abwenzi olimba ku Ulaya ndi ku America, koma pakati pa iwo okha, komanso pakati pa iwo ndi anzawo a ku Lusaka, Ndola, Harare, Mbeya, Tete ndi Maputo, ubale ndi wofooka kwambiri. Zimenezi zikapanda kusintha, ndipo tikapanda kuikapo ndalama zathu, tidzakhalabe malo abwino ochitirako kafukufuku wa eni ake, osati eni kafukufuku.

Sindikunyoza abwenzi akutaliwo, ndipo amene amawanyoza sanaone zimene zatuluka m'manja mwawo pamodzi ndi Amalawi anzathu. Ku Chilumba m'boma la Karonga kafukufuku wa khate anayamba mu 1979, mogwirizana ndi London School of Hygiene and Tropical Medicine, ndipo kumeneko kunatsimikizika kuti katemera wa BCG amateteza ku khate ngakhale kuti ku chifuwa chachikulu cha m'mapapo cha anthu akuluakulu sanaonetse mphamvu. Ku Queens mu Blantyre, Terrie Taylor wa ku yunivesite ya Michigan State ku America ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza za malungo a mu ubongo mu 1986, ndipo muyeso woonera kukomoka kwa mwana umene anaukonza ndi anzawo umatchedwa ndi dzina la Blantyre m'zipatala za dziko lonse lapansi mpaka lero. College of Medicine inatsegulidwa mu 1991, malo ofufuzira a Malawi-Liverpool-Wellcome mu 1995. Ku Lilongwe kuli UNC Project ya yunivesite ya North Carolina pafupi ndi chipatala chachikulu cha Kamuzu, ku Blantyre kuli pulojekiti ya yunivesite ya Johns Hopkins ya ku Baltimore. Malo awiri amenewa anali nawo m'kafukufuku wa HPTN 052, amene mu 2011 anaonetsa kuti munthu akayamba ma ARV msanga, chiopsezo chopatsira mnzake wa m'banja chimatsika ndi 96 pa 100 aliwonse. Ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa analandira katemera pa kafukufuku wa tayifodi amene anayamba mu 2018, ndipo mu 2023 katemerayo anafika kwa ana a dziko lonse. Pa 23 Epulo 2019 Malawi inali dziko loyamba kubaya ana katemera wa malungo wa RTS,S kudzera m'masikelo a nthawi zonse. Dziko losauka ngati lathu lapereka zambiri ku sayansi ya zaumoyo kuposa msinkhu wa thumba lake.

Koma taonani mmene maina amenewa akhalira. Blantyre ndi Liverpool. Blantyre ndi Baltimore. Blantyre ndi Michigan. Lilongwe ndi North Carolina. Karonga ndi London. Mukawoloka malire mupeza zofanana: labotale ya ku Manhiça ku Mozambique inamangidwa mu 1996 ndi thandizo la Spain, ya ku Macha ku Zambia ili pa ubale ndi Johns Hopkins, ya ku Gaborone ili ndi Harvard m'dzina lake lenilenilo. Aliyense ali ndi mnzake wa kutsidya la nyanja, amene amapeza ndalama, amagula makina, amalandira ophunzira, ndipo kawirikawiri ndi amene amasunga masampulo ovuta kuyeza. Wofufuza wachinyamata wa ku Blantyre amatha kudziwa bwino makonde a sukulu ya ku Liverpool asanapondepo pa Tropical Diseases Research Centre ku Ndola, yomwe yakhala ikufufuza matenda a m'dera lathu lino kuyambira 1975.

Wina anganene kuti palibe vuto, bola ntchito ikuyenda. Vuto lilipo, ndipo limaonekera pa funso loti ndani amasankha chofufuza. Mwini ndalama amalengeza mitu imene akufuna kuthandiza, yunivesite ya kwawo imalemba pempho, ife timalowamo ngati malo ochitirako ntchito. Mitu yambiri imakhala yothandiza ndithu, poti malungo, Edzi ndi TB ndi adani athu enieni. Koma pali mafunso ena amene amavuta ife ndi anansi athu okha, omwe sadzafika pamwamba pa mndandanda wa munthu wa ku Seattle kapena London. Kodi kolera amene anayamba kuno mu Malichi 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 anayenda bwanji pakati pa Nsanje, Zambezia ndi m'madoko a asodzi a m'nyanja? Kodi ndi wa mtundu umodzi ndi amene anadzaza bwalo la masewera la Heroes ku Lusaka ndi odwala kumayambiriro kwa 2024? Kodi amalonda ndi oyendetsa mathiraki odutsa pa Mwanza, Dedza ndi Mchinji amamwa mankhwala a TB mpaka kumaliza, kapena amasowa pakati pa zipatala za maiko awiri? Mafunso otere sangayankhidwe ndi labotale imodzi, ndipo amene angawafunse mwakhama ndi ife amene timaika maliro ake.

Kuti tione chimene labotale yolimba ya m'dera lathu ingachite, tikumbukire Novembala yemweyo wa 2021. Ku Gaborone, Sikhulile Moyo, katswiri wobadwira ku Zimbabwe, ndi anzake anaona kachilombo ka Covid kosinthika modabwitsa. Ku South Africa malabotale a mayunivesite ndi a boma, omwe anali atalumikizana kale n'kumagawana zotsatira, anaonanso zomwezo. M'masiku owerengeka anali atafananiza zimene apeza, pa 24 Novembala nkhani inafika ku WHO, ndipo pa 26 kachilomboko kanapatsidwa dzina loti Omicron. Luso limenelo silinagwe kumwamba. Linakula pa zaka zambiri zowerenga chibadwa cha HIV, ndipo linagwira ntchito msanga chifukwa anthu ake ankadziwana, ankaimbirana foni, ankakhulupirirana. Masiku owerengeka kumeneko, miyezi itatu kwa mwana wa ku Lilongwe.

Malipiro ake tonse tikuwakumbukira, ndipo amawawa. Britain, America ndi maiko ena anatseka zipata kwa anthu a kum'mwera kwa Africa, Malawi ali m'gulu lomwelo, ndipo a Lazarus Chakwera, omwe panthawiyo anali wapampando wa SADC, anadzudzula poyera kuti chiletsocho chinachokera pa tsankho osati pa sayansi. Ndege zitaleka kubwera, akatswiri omwe anachenjeza dziko lapansi aja anayamba kudandaula kuti mankhwala oyezera awathera. Pali anthu amene anatolapo phunziro loti kuli bwino kubisa. Ine ndikuona mosiyana. Kubisa kukanapha anthu athu omwe poyamba. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti dera lonse linalangidwa pamodzi, ndiye liyeneranso kudziteteza pamodzi: kusunga mankhwala oyezera mokwanira m'dera momwe muno, kubwerekana pakagwa vuto, ndi kulankhula ndi mawu amodzi pokambirana za mmene zotsatira zathu zigwiritsidwire ntchito.

Umboni woti kugwirira pamodzi kumapulumutsa miyoyo tili nawo kale. Matenda oumitsa khosi oyamba ndi cryptococcus akhala akupha anthu ambiri amene chitetezo chawo chatsika ndi HIV. Kale wodwala ankafunika diripi ya amphotericin kwa milungu iwiri, mankhwala owononga impso ndi magazi, ofuna kuyezedwa pafupipafupi, zomwe zipatala zathu zambiri sizikanatha. Kafukufuku wa ACTA, wochitikira ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Cameroon, anafupikitsa nthawiyo kufika sabata imodzi. Kenako kunabwera wa AMBITION, m'zipatala za ku Botswana, Malawi, South Africa, Uganda ndi Zimbabwe, pa odwala oposa 800, yemwe anaonetsa kuti diripi imodzi yokha ya mlingo waukulu wa mtundu wina wa mankhwalawo, pamodzi ndi mapiritsi, imagwira ntchito mofanana ndipo sivulaza thupi kwambiri. Mu 2022 WHO inasintha malangizo ake. Palibe chipatala chimodzi, ngakhale Queens, chimene chikanapeza odwala okwanira kuyankha funso limeneli pachokha m'nthawi yochepa chotero.

Chimodzimodzi ndi kaodzera, matenda ofala ndi kashembe amene amavutitsa anthu ozungulira Vwaza ku Rumphi ndi nkhalango ya Nkhotakota. Kwa zaka zambiri wodwala amene matenda amufika mu ubongo ankabayidwa melarsoprol, mankhwala okhala ndi arsenic, omwe okha ankapha ena mwa odwala. Chipatala cha boma cha Rumphi ndi cha Lwala ku Uganda zinayesa mapiritsi a fexinidazole mothandizidwa ndi bungwe la DNDi, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala la ku Ulaya linavomereza kuti ndi othandiza pa kaodzera wa mtundu wathuwu. Chipatala cha pa boma, osati cha mu mzinda, chinathandiza kusintha chithandizo cha matendawa mu Africa. Komatu Vwaza yachita malire ndi Zambia, ndipo kashembe yemweyo ali m'chigwa cha Luangwa. Mu 2015 Malawi ndi Zambia anasainirana pangano losamalira limodzi nkhalango ndi nyama za m'malire amenewa. Ngati a zanyama anatha kukhala pansi n'kulemba pangano, a zaumoyo ndi a mayunivesite akhoza kulembanso lawo, loti magazi a wodwala wa ku Chama kapena Lundazi ndi a wodwala wa ku Rumphi aziyezedwa mofanana, zotsatira zake n'kumaonedwa pamodzi.

Kuyesa kunachitikapo. Mu 2009 bungwe la ku Britain la Wellcome Trust linathandiza mgwirizano wotchedwa SACORE, wotsogozedwa ndi College of Medicine, pamodzi ndi University of Zambia ndi University of Zimbabwe. Unaphunzitsa anthu mpaka pa digiri ya PhD ndipo unalimbikitsa maofesi othandiza ofufuza kulemba mapempho a ndalama ndi kuziyendetsa bwino. Palinso migwirizano ina ya ofufuza: TESA, yothandizidwa ndi thumba la kafukufuku la EDCTP la ku Ulaya, ndi CARTA, yotsogozedwa kuchokera ku Nairobi ndi Johannesburg. Zonsezi ndi zabwino, koma zili ndi chilema chimodzi: ndi mapulojekiti. Pulojekiti imakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera, ndipo tsiku lothera limasankhidwa ndi mwini ndalama. Ikatha, anthu amabalalika, wina ku bungwe la kunja, wina ku Cape Town, wina kubwerera kukaphunzitsa kalasi ya ophunzira mazana opanda nthawi yofufuza kanthu.

Madokotala a opaleshoni anapeza njira ina, ndipo ndi imene ndikufuna ofufuza aitengere. Mu 1999 anakhazikitsa COSECSA, koleji yopanda nyumba zake zophunzitsiramo, imene likulu lake lili ku Arusha. Wophunzira amaphunzirira m'chipatala chovomerezeka cha m'dziko lake, amalemba mayeso amodzi ndi anzake a m'maiko ena, ndipo pepala lake limalemekezedwa m'dera lonse. Oona za mankhwala nawonso anayamba ZAZIBONA mu 2013, pamene Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi Namibia anagwirizana kuunika limodzi mankhwala atsopano m'malo moti aliyense abwereze ntchito yomweyo, ndipo Malawi inalowa pambuyo pake. Ziwirizi zakhalitsa chifukwa zinamangidwa pa ntchito imene maiko eni ake amaifuna chaka ndi chaka. Palibe chimene chingaletse KUHeS (yomwe inalowa m'malo mwa College of Medicine), University of Zambia, University of Zimbabwe ndi yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo kukhala ndi maphunziro a PhD ogawana, wophunzira n'kukhala ndi omuyang'anira awiri a m'maiko awiri, n'kukachita miyezi ingapo mu labotale imene ili ndi makina omwe kwawo kulibe.

Nkhani ya makina ndi imene imadzutsa mtima wodzikonda. Dziko lililonse, ngakhale sukulu iliyonse, imafuna makina akeake owerengera chibadwa cha tizilombo, nyumba yakeyake yoyezeramo tizilombo toopsa, ndi mwambo wodula riboni. Koma makina otere kugula ndi gawo laling'ono chabe la mtengo wake. Amafuna mankhwala oyezera ogulidwa ndi ndalama zakunja, omwe amatha mphamvu akakhalitsa. Amafuna magetsi osazima, mafiriji ozizira kufika pa madigiri 80 kunsi kwa ziro, ndi munthu wodziwa kuwakonza. Akamayeza masampulo ochepa, mtengo wa sampulo imodzi umakwera kwambiri. Kumudzi sitigula chigayo khomo lililonse. Chimakhala chimodzi pa msika, onse n'kumapita ndi matumba awo, ndipo chimakhalitsa chifukwa chimagaya tsiku ndi tsiku. Tigawane ntchito moteromo. Kumene kuli luso la udzudzu kukhale kwa tonse pa za udzudzu, kumene kuli luso la TB yosamva mankhwala kulandire makhololo a anansi, ndipo aliyense adziwe kuti akatumiza, yankho libwera pa masiku angati.

Apa pali mantha oyenera kuwamvetsa. Kugawana ntchito kungasanduke kutumiza zonse ku South Africa, ife n'kungosintha malo odalira, kuchoka ku Liverpool kupita ku Johannesburg ndi Durban. Nkhani ya mwana wa ku Lilongwe ikutionetsa kuti ngakhale njira imeneyo imatha kutenga milungu isanu ndi iwiri. N'chifukwa chake ndikunena za Lusaka, Ndola, Mbeya, Harare ndi Tete, anzathu ofanana nafe mphamvu, amene tingawapatse kanthu iwonso n'kutipatsa. Mgwirizano umene wina amangotumiza, wina n'kumangoyeza, ndi wakale womwe uja. Kuyeza kofunika changu, monga kwa kolera, chikuku ndi matenda ogwa mwadzidzidzi, dziko lililonse likhale nako. Zodula ndi zosowa ndizo zogawana.

Chimene chimalepheretsa zambiri si makina ayi, koma zinthu zooneka zazing'ono. Bokosi la masampulo lili ndi ayezi amene amasungunuka, ndipo likaima pa chipata masiku awiri kudikira chidindo, ntchito yonse yawonongeka. Kafukufuku mmodzi wochitikira m'maiko atatu amayenera kuvomerezedwa ndi makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali m'dziko lililonse, kuno COMREC kapena NHSRC, kwina awo, aliyense ndi mafomu ake ndi nthawi yake. Makomitiwa ndi ofunika, ndipo sindikufuna afooke, chifukwa ndi amene amaimira mayi wa ku Chikwawa amene akupereka magazi a mwana wake. Koma akhoza kukhala pamodzi n'kuunika pempho limodzi nthawi imodzi, monga achitira a ZAZIBONA. Pangano limodzi la SADC lonena za katumizidwe ka masampulo, umwini wake, ndi amene ali ndi ufulu pa zotsatira zake, lingachite zambiri kuposa nyumba yatsopano ya nsanjika. Ofesi ya Africa CDC yoyang'anira kum'mwera kwa Africa ili ku Lusaka, pafupi pomwepa. Tiigwiritse ntchito pa zimenezi.

Ndiye pali anthu amene maina awo salembedwa pamwamba pa malipoti a kafukufuku: oyeza mu labotale, okonza makina, osunga mafiriji, olemba ndi kusanthula manambala, oyendetsa ndalama za mapulojekiti. Popanda iwo pulofesa alibe chochita. MUBAS ndi MUST zikuphunzitsa mainjiniya a zipangizo za chipatala, ndipo makina a Pumani othandiza makanda kupuma anakonzedwa ndi kuyesedwa pa Queens mogwirizana ndi Rice University. Achinyamata amenewa akanapatsidwa maphunziro ovomerezeka ndi makampani opanga makina a mu labotale, gulu limodzi la iwo likanamazungulira Lilongwe, Chipata, Tete ndi Blantyre kukonza, m'malo modikira munthu wokwera ndege kuchokera kutali pamene makina aphimbidwa ndi nsalu.

Mkati mwa dziko momwe muno muli kusiyana kofanana ndi kumene tikudandaula pakati pa ife ndi Ulaya. Kafukufuku wadzaza mu Blantyre ndi Lilongwe. Mzuzu University imaphunzitsa akatswiri oyeza mu labotale, Malamulo ndi Malawi College of Health Sciences zatulutsa ambiri mwa anthu amene akuyeza magazi m'zipatala za m'maboma, makoleji a mishoni amaphunzitsa anamwino ochuluka, LUANAR ili ndi madokotala a ziweto amene amadziwa za chiwewe ndi matenda ochoka ku nyama kupita kwa anthu. Mphunzitsi wa pa koleji yaing'ono amene ali ndi funso labwino amasowa pogwira: alibe labotale yoyenera, alibe womuwongolera, alibe ngakhale ndalama yochepa yoyambira. Malo akuluakulu ofufuzira, amene amangidwa pa malo a zipatala za boma ndipo amadalira odwala a Chimalawi, ali ndi ngongole kwa makoleji amenewa. Atsegule zitseko mwa lamulo lolembedwa, osati mwa chifundo cha bwana amene alipo chaka chimenecho: malo owerengeka chaka chilichonse a ophunzira ndi aphunzitsi ochokera ku Mzuzu, Thyolo, Ekwendeni kapena Nkhoma, ndi maola odziwika ogwiritsira ntchito makina. Covid itafika mu Epulo 2020, labotale ya boma ku Lilongwe, ya College of Medicine ndi ya Malawi-Liverpool-Wellcome zinagawana ntchito yoyeza popanda kudikira pulojekiti. Zinatheka pa nthawi ya mantha, zikhoza kuthekanso pa nthawi ya mtendere.

Tili ndi chuma china chimene sitichiwerengera. Kuchokera ku Chipata ndi Katete, kudutsa Mchinji ndi Dedza mpaka ku Angónia m'chigawo cha Tete, anthu amalankhula chinenero chimodzi, amakwatirana, amapita ku chipatala chimene chili pafupi osayang'ana mbendera. Maofesi a ku Maputo amalemba m'Chipwitikizi, athu m'Chingerezi, koma namwino wa ku Ulongwe ya ku Angónia ndi wa ku Dedza akhoza kufotokozera mayi za kafukufuku m'mawu omwewo. Izi n'zofunika kuposa mmene akuluakulu amaganizira. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinapha anthu ku Mulanje, Phalombe ndi madera oyandikana nawo, ndipo azaumoyo ena ankaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo. Mphekesera zotere n'zabodza, koma zimamera mosavuta pamene anthu amaona magazi akutengedwa, galimoto n'kupita, osamvanso kanthu. Wofufuza amene angaime pa bwalo la mfumu n'kunena kuti magazi anu ali mu firiji ku Blantyre kapena ku Lusaka, anayezedwa ndi mwana wa kuno, ndipo tapeza zakutizakuti, amamanga chikhulupiriro chimene fomu yosainira singamange.

Funso lolemera ndi la ndalama, ndipo silofunika kulizemba. Munthu amene wabwezedwa ku chipatala chifukwa mankhwala atha ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake boma liike kwacha pa kafukufuku. Ku Abuja mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa analonjeza 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri sitifikapo. Kwacha inagwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, zomwe zinakweza mtengo wa chilichonse chogulidwa kunja. Zonsezo n'zoona. Koma kusadziwa nakonso kumadya ndalama. Mu 1993 Malawi inali dziko loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, chifukwa ofufuza anaonetsa kuti ana akumwa mankhwala osagwiranso ntchito. Pakanapanda umboni umenewo, boma likanapitiriza kugula mapiritsi opanda phindu, ana n'kumafa. Ku Bamako mu 2008 nduna zinabwerezanso lonjezo loika 2 pa 100 ya ndalama za zaumoyo pa kafukufuku. Sindikunena kuti boma lilipire mayeso akuluakulu a katemera. Amenewo adzafunabe abwenzi. Ndikunena za zimene abwenzi sakonda kulipira: malipiro okhazikika a ofufuza ochepa ndi oyeza, kukonzetsa makina, galimoto ya masampulo, ndi thumba laling'ono la maiko anayi kapena asanu loperekedwa kwa okhawo amene pempho lawo likuphatikiza masukulu a m'maiko awiri kapena kuposa. National Commission for Science and Technology ilipo, ndipo anansi athu ali ndi mabungwe ofanana nayo. Aphungu a komiti ya zaumoyo afunse mzere umenewu mu bajeti.

Amene ankaganiza kuti thandizo lakunja ndi losatha anaona okha mu 2025. Mu Januwale boma la America linaimitsa ntchito zambiri za thandizo, pambuyo pake USAID inatsekedwa, ndipo NIH, bungwe la boma la America lothandiza kafukufuku wa zaumoyo, inasintha malamulo a ndalama zopita ku mayunivesite a kunja kwa America. Britain inali itadula kale thandizo lake mu 2021, ndipo inalengezanso kudula kwina. Chisankho chopangidwa ku Washington tsiku limodzi chinakhudza anamwino a kafukufuku ndi oyeza magazi m'maiko onse a dera lino nthawi imodzi. Labotale imene ili ndi mnzake mmodzi yekha wakutali imagwa naye limodzi. Imene ili pa ubale ndi anansi ikhoza kusungitsa masampulo ake, kutumiza ophunzira ake kukamaliza, ndi kubwereka mankhwala oyezera mpaka mphepo itadutsa.

Ndipo mayeso otsatira ali kale m'njira. Kuyambira 2007 mwana wa malungo kuno amapatsidwa LA, ndipo mphamvu ya LA yagona pa artemisinin. Mu 2020 ofufuza analengeza kuti ku Rwanda kwapezeka tizilombo ta malungo tosintha chibadwa moti timachedwa kufa ndi mankhwalawa. Mu 2021 zinatsimikizika ku Uganda, kenako ku Eritrea, ndiponso m'chigawo cha Kagera ku Tanzania. LA akugwirabe ntchito, ndipo wodwala asasiye kumwa. Koma chloroquine nayenso anayamba kufooka kum'mawa kwa Africa asanafooke kuno, ndipo msewu wochokera ku Tanzania umalowa kuno pa Songwe ndi ku Zambia pa Nakonde tsiku lililonse. Ku Mbeya kuli malo ofufuzira a NIMR, bungwe la boma la Tanzania lofufuza za matenda, ku Chilumba kuli labotale ya zaka zoposa 40, ku Ndola kuli akatswiri a malungo, ku Mzuzu kuli ophunzira ofuna ntchito yeniyeni yoti aphunzirirepo. Magazi a pa kapepala ochokera m'zipatala za Karonga, Chitipa, Kyela ndi Isoka akhoza kusonkhanitsidwa nyengo ya mvula iliyonse, kuyezedwa m'njira imodzi, zotsatira n'kufika kwa oyang'anira malungo a maiko atatu onse mwezi womwewo. Akuluakulu a mayunivesite ndi a maunduna a zaumoyo akhoza kusainirana zimenezi chaka chino, mvula isanayambe.